Ndevu Zanga ndi Nsalu ya Azakhali

Lolemba

Nsalu yafika. Wabweretsa ndi Tadala, msuweni wanga, wangondiponyera pa windo la galimoto panja pa fulati yathu kuno kutsidya la nyanja, ku Scarborough. Akuti, m'Chichewa chake chopunduka chija, “Amami akuti iyi yanu. Loweruka, thu koloko, osachedwa.” Vuu, wapita.

Ndi yunifomu ya shawa yake, phwando lomulangiza za banja asanakwatiwe. Yobiriwira, ya maluwa achikasu. Amayi onse adzavala yomweyi m'chipinda cha pansi kwa azakhali ku Oakville. Abambo nawo amasoketsa malaya a nsalu yomweyi n'kukakhala ku galaja, kuwotcha nyama ndi kunyamula mipando.

Ndayeza ndi tepi. Mamita atatu.

Atatu! Malaya a bambo amadya awiri. Chilundu cha mayi ndi duku wake, anayi. Nanga atatu ndi a ndani? Ndayezanso kuyambira mbali inayo, ngati kuti isintha. Atatu omwewo.

Zaka zonse malo anga pa maphwando a azakhali anali ku galaja. Zaka ziwiri zapitazo ndinasiya kunamizira. Ndinauza abale onse kuti ine ndine mkazi, ndinasintha dzina ndi zovala, ndinayamba mankhwala a mahomoni. Azakhali, alongo awo a bambo anga, sanakalipe, sanadalitsenso. Anangoti, “Ndamva.” Kale ankandikuwa ndi mfunda wathu, “Mbewe!”, momwe amaitanira ana aamuna, poti aakazi ndi aNambewe ngati iwowo. Chiyambire tsiku limenelo sanditchula chilichonse. Pa foni amangoti muli bwanji kumeneko, ngati akuyankhula ndi a ku ofesi. Ine kwawoko sindinapondekonso.

Loweruka ndikakaima pakhomo pawo, dzanja lawo liloza kumodzi, pansi kapena ku galaja. Likaloza ku galaja ndibwerera pa sitima yomweyo ndipo sindidzapitakonso. Ndikuopa, ndinene zoona.

Ndipo choyamba kuchiyang'ana ndi nkhope. Mahomoni agwira ntchito kwina konse, cheya cha m'mikono chafewa ngati cha khanda. Koma ndevu ayi. Ndevu sizinamve kuti boma linasintha. Ndikameta m'mawa, pofika madzulo zabwerera pa mpando.

Pulani ya sabata ino:
1. Mawa kwa a makina aja amati leza, akawotche zonse.
2. Miyendo.
3. Nsalu, ndione chochita nayo.
4. Loweruka kulowa kwa azakhali ndili see ngati dzira.

Masiku asanu. Akwana ndithu.

Lachiwiri

Sakwana.

Kwa a makina andilandira bwino, madzi a nkhaka m'tambula, nyimbo za mbalame. Mtsikana wa pamenepo watenga galasi lokulitsa, wandiyang'ana pachibwano nthawi yaitali, kenaka wafunsa ngati ndimazula. Ndavomera monyadira. Mwezi wonse uno ndakhala ndikuzula ndi kapani madzulo alionse, imodziimodzi, misozi ili chuchuchu, poganiza kuti ndikuwapeputsira ntchito.

Akuti ndalakwitsa. Makina amafuna muzu, ndipo muzuwo ndautaya ndekha. Ndidikire mwezi ndi kanthu kuti imerenso.

Ndiye kuti ndevu zichoke, ziyambe zabwerera. Chabwino.

Zina zomwe ndaphunzira nditagona chagada pa bedi lawo:
- Si kamodzi ayi. Ndi maulendo ambirimbiri, otalikirana masabata.
- Makina awo amasaka chakuda. Tsono ine ndine wakuda ndense, makinawo sangasiyanitse ndevu ndi mwini ndevu. Angandiwotche.
- Oyenera khungu ngati langa alipo, koma ali ku nthambi yawo ina, kutsidya kwa mzinda, mabasi awiri ndi sitima ya pansi.
- Ndili ndi imvi! Zisanu ndi ziwiri, pansi pa chibwano. Ine, zaka makumi atatu ndi zinayi! Imvi makina saziona n'komwe.

Za imvizo akuti ndipite kwa a singano, aja amalowetsa kasingano ka magetsi pa muzu uliwonse. Pakadali pano lamulo lawo ndi limodzi: kumeta basi, tsiku lililonse, osazula.

Madzulo

Ndaimbira mayi wina wa singano. Mawu okoma, odekha. Ali ndi ola limodzi Lachisanu, folo koloko. Lamulo lake nayenso ndi limodzi: osameta, kuyambira pano mpaka Lachisanu, kuti apeze pogwira.

Uyu meta. Uyu usamete. Onse ali ndi masatifiketi pakhoma.

Ndakhala pa bedi, lezala kudzanja ili, foni kudzanja ili. Kaya.

Lachitatu

Ndapeza nzeru m'bafa. Ndimvera onse awiri. Masaya ndi mlomo wapamwamba ndi za a makina, ndameta. Chibwano ndi cha mayi wa singano, ndasiya.

Ndadziyang'ana pagalasi. Tonde weniweni.

Mwayi wake kuntchito kwathu, kunyumba yosamalira okalamba, masiki saletsa. Ndavala kuyambira pa basi. Vuto ndi nthawi ya tiyi. Anzanga akudya, ine ndakhala ndi kapu kutsogolo, masiki ali pamphuno. Akulu a shifiti afunsa kuti bwanji. Pakamwa panga pangotuluka kuti kachifuwa pang'ono.

Kachifuwa! M'nyumba ya okalamba! Andilowetsa kathonje m'mphuno zonse ziwiri mpaka ku ubongo, andikhazika ndekha m'kachipinda kudikira zotsatira. Ndilibe matenda. Ndili ndi ndevu basi.

Chondiwawa n'chakuti m'chigawo chathu chonse katswiri wometa ndine. Lero ndameta madala atatu. Thaulo lofunda, thovu, kutsata momwe tsitsi lagonera, palibe ndi kabala komwe. Wina wadzisisita tsaya n'kunena kuti akanakhala mnyamata akanandifunsira. Nkhope za eni ndimazitha, yanga yokha ndi imene yandikanika.

Mayi wa m'chipinda cha kumapeto, wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi anayi, wandikodola, watulutsa kapani pansi pa pilo. Ali ndi zitatu zoyera pachibwano, zazitali ngati za mphaka. Akuti ndizule ana ake asanabwere, ndipo tsiku lomwe adzamwalire ndidzayambe ndaona pachibwanopo asanaitane aliyense. Ndazula. Ndalonjeza.

Ndiye mpaka zaka makumi asanu ndi anayi nkhondo yake ndi yomweyi? Palibe anandiuza zimenezi.

Misozi, mnzanga wa ku Chipata amene timagwira limodzi, wandikokera kuseri n'kutsitsa masiki anga ndi chala. Waseka mpaka kugwira khoma. “Iwe, ni vichani ivi?” Ndamufotokozera zonse. Akuti za kumaso sazidziwa, koma miyendo ndimusiyire iyeyo, mawa abwera ndi shuga ndi mandimu.

Shuga ndi mandimu. Sindinafunse.

Lachinayi

Tonde wakula. Akuyabwa.

Misozi wafika titaweruka, ndi shuga, mandimu atatu ndi chikhulupiriro. Akuti anaonera pa foni, amaphika phula la shuga, kupaka pamwendo, kumata kansalu, kukoka. Cheya chonse chimatsala pa kansaluko. Ndamufunsa ngati anayesapo. Akuti anaonera kawiri.

Poto woyamba: wapsa, utsi, belu la moto lalira, takupiza ndi nsalu ya azakhali.

Poto wachiwiri: waumiratu gwa, supuni yaima chilili pakati. Taswa ndi mpeni, tadya. Akulu amati safunsa anadya phula. Ine sabata ino ndafunsa aliyense, ndipo phula ndadyabe.

Poto wachitatu watheka. Wapaka pa msongolo wa kumanzere, wamata, wandiuza kuti ndiwerenge mpaka katatu. Wakoka ndili pa kamodzi.

Mayo ine! Ndaitana amayi anga ali ku Dedza. Aneba a ku Sri Lanka agogoda kufunsa ngati aitane apolisi.

Wakoka kanayi, ine ndati basi, mwendo ndi wanga. Zotsatira: mwendo wa kumanzere uli ndi msewu woyera kutsogolo, m'mbali muli tchire. Wa kumanja sunakhudzidwe, ukungoyang'ana mnzake.

Kenaka Misozi watambasula nsalu ija, yonunkha utsi tsopano. Akuti telala sangasoke kanthu pofika Loweruka, ndisavutike. Wang'amba mita imodzi ya duku, awiri otsalawo chitenje, bulauzi yoyera ndili nayo kale. Wandimanga m'chiuno. Chitenje chafika mpaka mu akakolo.

Tonse tayang'ana pansi. Miyendo siikuoneka n'komwe.

“Manje tenze kuvutikira chani?” akutero Misozi, akunyambita supuni.

Ndamuthamangitsa. Koma pagalasi, kuyambira m'khosi kutsika, ndaona mayi wa mvano weniweni, ndipo mtima wanga wachita kudumpha. Ndakweza maso pang'ono, tonde uja ali pompo.

Lachisanu

Kwa mayi wa singano. Kachipinda kaukhondo, nyali yowala, iye wavala magalasi awiri. Manja ake ndi ofewa, ndipo sanadabwe nane ngakhale pang'ono, akuti amayi ngati ine amabwera ambiri. Pamenepo ndamukonda.

Kenaka wayamba. Kasingano, tswii, kuzula. Kasingano, tswii, kuzula. Imodzi. Imodzi. Ngati munthu akusankha mpunga wa ukwati ndi zala ziwiri. Ululu wake ngati linthumbu likuluma pamalo amodzi mosinthana. Ndawerenga mpaka makumi anayi, ndasiya, ndayamba kuimba nyimbo za maliro mumtima.

Ola latha. Wandipatsa galasi mokondwa.

Pakati pa chibwano payera malo okwana kachitsekero ka botolo. Kuzungulira ponse ndevu za masiku atatu zaima njo. Imvi wachotsa zinayi, zitatu zatsala.

Ndafunsa kuti zonse zidzatha liti. Akuti tikalimbikira, chaka kapena ziwiri.

Malamulo otuluka nawo:
- osapaka zodzoladzola pamenepo tsiku limodzi kapena awiri
- osapititsapo lezala
- osakanda, osagwiragwira
- kutupa n'kwabwinobwino

Phwando ndi mawa thu koloko. Pofika pa basi patupa ngati ndalumidwa ndi mavu. Mapanga awiri avumbwitsa, anatero akulu, ndipo ine ndanyowa mpaka mkati.

Ndatsikira ku famase, kogulitsa mankhwala. Ndagula ufa wometera uja amasungunula ndi madzi, wosafuna lezala, akuti ndi wabwino kwa ife a tsitsi lopotana chifukwa sutulutsa tiziphuphu. Ndagulanso chopaka cha olenji, pa foni akuti chimabisa mthunzi wa ndevu ukachiika pansi pa faundeshoni, chodzola chija chofanana ndi khungu.

Ndikulowa m'nyumba, foni. Azakhali! Moni wa ku ofesi uja, kenaka: “Mawa mufulumire. Pali mipando yoti inyamulidwe.”

Mipando.

Ndakhala pansi pakhomo pomwepo, nsapato kuphazi. Zaka zonse zija wonyamula mipando ndinali ine. Ndiye mamita atatu aja anali malaya, angowonjezera poti ndine wamtali? Ndang'amba malaya a eni kupanga duku?

Ndalembera Tadala kuti mwina sindibwera, chifuwa. Wayankha ndi mawu, akuseka. Paubwana, mwa chisuweni, akuluakulu ankatiseka kuti ndife banja, iye ankanditchula amuna anga. Akuti, “Unandithawa kale ukwati n'kukhala mkazi mnzanga, ndinakhululuka. Ukandithawanso mawa, sindikhululuka.”

Ndasita chitenje. Fungo la utsi silikuchoka.

Loweruka, m'mawa

Ufa uja ukununkha mazira owola. Ndapaka mozungulira, kulambalala pa kachitsekero, ndafikitsa ndi m'masaya momwe. Mphindi ziwiri, tsaya la kumanzere layaka moto. Ndatsuka, ndawerenga pa chitini: osapaka pomwe mwameta ndi lezala posachedwa. Ndinameta dzulo. Zolembazo n'zazing'ono dala, anthu oipa.

Mapu a nkhope yanga pakali pano:
- tsaya la kumanzere, lapsa
- tsaya la kumanja, tiziphuphu
- pakati pa chibwano, chotupa, choletsedwa kugwira
- kuzungulira chotupa, posalala ndithu, Mulungu alemekezeke
- imvi zitatu, zapulumuka zonse

Ndapaka cha olenji. Ndaoneka ngati papaya. Ndapaka faundeshoni pamwamba, papaya wa m'fumbi. Pa chotupa ndasiya osapaka, ndamvera lamulo limodzi lokha sabata yonse ino.

Pa sitima

Kukutentha. Nyanja ikudutsa pa windo, ine ndikungodziyang'ana pa foni. Nkhope ikutsikira m'khosi pang'onopang'ono. Bulauzi yoyera ija kolala yake yasanduka ya olenji. Siteshoni iliyonse ndikuti nditsike pano. Sindikutsika.

M'bafa mwa azakhali, ndadzitsekera

Azakhali atsegula okha chitseko. Chilundu, duku wautali, magalasi pamphuno. Andiyang'ana kuyambira ku duku, atsika, aima pachibwano. Aima nthawi yaitali. Ndagwada pang'ono popereka moni.

Dzanja lakwera. Laloza ku galaja.

Kenaka latembenuka, laloza pansi. “Mipando ili uko. Itsikire uku.”

Konse kuwiri! Abale inu, munthu angamve bwanji?

Ku galaja abambo ali mu malaya obiriwira, utsi wa nyama uli tolo. Andiona, onse apeza chochita ndi makala. Mmodzi wati zikomo, akuyang'ana matayala a galimoto. Palibe wandipatsa mpando, palibenso wandithandiza. Ndatsitsa mipando makumi atatu, masitepe khumi ndi awiri, thukuta likuchotsa zomwe sitima inasiya.

Mpando womaliza sindinauike pansi msanga. Ndaima nawo. Kenaka ndauika kuseri kwa chipilala, kumbuyo kwenikweni, ndakhalapo. Amayi akulowa, akupatsana moni, ena andigwira dzanja, ena andidumpha. Palibe wandithamangitsa. Kapena sanandione? Ndabwera muno kudzapukuta kolala. Akuimba kale, ndibwerere.

Pa sitima, pobwerera

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Alangizi ndi Mayi Tembo a ku Hamilton, achikulire, mawu ngati wailesi. Ng'oma ndi ndowa ya pulasitiki. Tadala amukhazika pamkeka pakati, wawerama, akuluma mlomo kuti asaseke. Za ulemu kwa apongozi, za kuphika, za kusunga chinsinsi cha m'nyumba. Ine kuseri kwa chipilala ndikuwomba nawo m'manja, mwakachetechete.

Kenaka Mayi Tembo atulutsa mbale yovundikira. Avundukula. Mikanda yofiira, yoyera, yakuda, ndi lezala latsopano m'pepala lake. Akuti tsopano tafika pa nkhani ya kametedwe m'banja.

Kametedwe! Sabata yonse ndazungulira mzinda uno kufuna munthu mmodzi wondiuza zoona pa nkhani ya kumeta, ndipo nayu, ali ndi lezala m'manja. Ndasendeza mpando, ndatulutsa mutu.

Azakhali aimirira. Akuti osakwatiwa onse atuluke, izi si zawo, mbale zikudikira kukhitchini. Atsikana anyamuka akung'ung'udza m'Chingerezi. Ine ndabwerera kuseri kwa chipilala, sindikudziwa ngati lamuloli likundikhudza, kapena ngati ndili m'gulu lililonse m'nyumba muno. Ndangoti ndikhale chete, mwina aiwala.

“Nambewe!”

Ndayang'ana uku ndi uku kufuna Nambewe winayo.

“Ndikunena iwe wabisala kuseri kwa chipilalawe. Unakwatiwa liti? Tuluka, atsikana anzako akuyembekeza.”

Chipinda chonse chatembenuka. Ndaimirira, chitenje chakodwa ku mpando, msewu wa pamwendo uja waonekera kwa onse. Mayi wina waseka, Tadala pamkeka mapewa akugwedezeka. Ndakwera masitepe khumi ndi awiri aja osaona pomwe ndikuponda.

Kukhitchini mbale mulu, mapoto a mpunga wopserera. Atsikana asanu, wamkulu mwa iwo ndimamuposa zaka khumi. Ndafunsa mmodzi kuti nsalu anapatsidwa yotalika bwanji. Akuti atatu, onse atatu atatu, anayi ndi a amayi apabanja okha. Mipando nayo akuti inali ntchito ya atsikana, kungoti iwo anafika mochedwa dala.

Ndalira m'sinki. Ndalira zenizeni, ndi mamina omwe, chifukwa cha chimwemwe ndi kutopa. Wina wafunsa ngati ndi sopo walowa m'maso. Ndati eya. Mbale ndatsuka pafupifupi zonse ndekha, iwo ali pa foni.

Za kametedwe sindinamve ngakhale liwu limodzi.

Lamulungu

Sindinapite kulikonse. Msana wa mipando, manja a mbale.

Tsaya la kumanzere layamba kusupuka. Chotupa chaphwa pang'ono. Bulauzi ndaiviika, olenji sakuchoka. Poto wa phula la Misozi uja ndamutaya ndi supuni yake yomwe. Miyendo ikhala choncho, wina ndi msewu wina ndi tchire, mpaka chisanu chibwere tibise.

Ndevu zamera kale, zonse, mwamphamvu ngati zathiridwa feteleza. A makina akundiyembekeza mwezi wamawa kutsidya kwa mzinda, ndizimeta. Mayi wa singano akundiyembekeza Lachisanu, ndisamete. Chaka kapena ziwiri. Chabwino, ndamva, ndagonja.

Masana azakhali atumiza uthenga wa mawu. Akuti, “Nambewe, pachibwano paja wapsa ndi chiyani? Uzipaka mafuta, usamakande. Ndipo usamavutike ndi zamakina, ine zanga ndimangozula ndi kapani Loweruka lililonse, zaka makumi awiri tsopano.” Atero n'kuwonjezera kuti paukwati, masabata atatu akubwerawa, atsikana adzafike sikisi koloko m'mawa, mapoto ndi ambiri, ndipo duku ndinamanga mopotoka.

Ndiye uyu meta, uyu usamete, awa zula. Sindikudziwa womumvera, ndipo lero sindimeta, sindizula, sindipaka kanthu.

Uthengawo ndaumvera kasanu. Sindikufikanso nawo kumapeto. Ukangodutsa liwu loyamba lija, ndikuubwezanso poyambira.